Digiri ya m'matope a Chilwa

Dzuwa lisanatuluke bwinobwino, pa doko la Kachulu m'boma la Zomba pamakhala patadzaza kale.

Mabwato akutulukira m'njedza limodzilimodzi, eni ake ali chiimire kukankha ndi nsungwi zazitali. Amayi ogula nsomba alowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali kumanja, aliyense akukuwira msodzi wake. Akabaza ayedzeka njinga zawo pamtunda kudikira madengu a matemba. Kutsidyako chilumba cha Chisi chikuoneka ngati chakhala pa nkhungu.

Pakati pa piringupiringuyo pali mtsikana mmodzi yemwe sakugulitsa kanthu ndipo sakulimbirana bwato ndi wina aliyense.

Wavala jombo, kumsana kuli chikwama, m'manja muli kathabwa kolembedwa manambala, kasikelo ka batire ndi kope lokutidwa ndi jumbo kuti lisanyowe. Bwato likakocheza amanyonyomala, kupereka moni kwa mwini wake, kenaka kubwereka makumba angapo. Amagoneka nsomba pakathabwa, kuwerenga kutalika kwake, kuiika pasikelo, kulemba, n'kuibweza m'bwato.

Nsomba ina. Kulemba. Kubweza.

Zingapo amagula ndi ndalama, n'kuziika m'bokosi la madzi oundana kuti akazing'ambe ku labotale, aone ngati zili ndi mazira.

Asodzi anamuzolowera. Ena amangomuti aphunzi, ena achemwali a kafukufuku. Bambo wina wachikulire, akukutumula ukonde, anafunsa mwanthabwala ngati nsomba yoyezedwa imakwera mtengo. Onse anaseka, mtsikanayo anasekanso, koma cholembera sichinaime.

Ndi wophunzira wa digiri yachiwiri pa imodzi mwa sukulu za ukachenjede za m'dziko muno. Akufuna kudziwa ngati makumba a m'nyanja ya Chilwa ayamba kuswana akadali aang'ono kusiyana ndi kale, chomwe chimachitika nsomba zikamagwidwa mopitirira muyeso.

Ndalama zomwe zamufikitsa pano zitha chaka chisanathe.

Za pambuyo pake, amangogwedeza mapewa.

Achinyamata onga iyeyu alipo ambiri masiku ano. Mukawapeza m'nkhalango akukulunga tepi pa mitengo, m'mitsinje akutunga madzi m'timabotolo, m'midzi atakhala pa mphasa ndi foni kufunsa amayi kuti mtolo wa nkhuni umawatengera maola angati. Ena amachokera ku Luanar, sukulu yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 pophatikiza koleji ya Bunda ndi Natural Resources College. Ena ku Mzuzu University, komwe maphunziro a zankhalango ndi zansomba anazika mizu. Ena ku University of Malawi ku Zomba, komwe kuli digiri yachiwiri ya sayansi ya zachilengedwe, ndipo ena ku Must m'boma la Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ndipo ili ndi nthambi ya zanyengo ndi za m'nthaka.

Pansi pa amenewa palinso makoleji akale omwe aphunzitsa alangizi ambiri omwe timakumana nawo kumidzi: koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, ndi koleji ya zansomba ku Mpwepwe m'boma la Mangochi.

Sukulu zilipo. Ophunzira alipo. Mafunso ofunika mayankho ndiye osawerengeka.

Chovuta n'chakuti nyanja ili ndi kalendala yake, ndipo opereka ndalama ali ndi yawo.

Chilwa ndi nyanja yachilendo. Mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathiramo madzi, koma palibe mtsinje womwe umatulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere. Ndi yosaya, moti malo ambiri nsungwi imagunda pansi. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, nyanja imabwerera m'mbuyo mpaka kuphwa.

Inaphwa mu 1968. Inaphwanso mu 1995. Mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'alukang'aluka, mabwato ali gwaa pamtunda, anthu akupita ku Chisi pa njinga.

Kuchoka 1968 kufika 1995 ndi zaka 27. Kuchoka 1995 kufika 2018 ndi zaka 23.

Digiri yachiwiri imatenga zaka 2, ndipo mwa zakazo, nthawi yomwe wophunzira amakhala kunyanja ndi miyezi yowerengeka chabe.

Munthu angaidziwe bwanji nyanja yotere pa miyezi ingapo?

Yankho lake tili nalo kale, ndipo likuchokera pa nyanja yomweyi. Kuyambira 1966 mpaka 1976, aphunzitsi ndi ophunzira a University of Malawi, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, anachita kafukufuku wa nyanja ya Chilwa mosalekeza. Anayeza madzi, matope, tizilombo ta m'madzi, njedza, nsomba ndi moyo wa anthu a m'mphepete. Ali mkati mwa ntchitoyo nyanja inaphwa iwo akuona, kenaka inadzazanso iwo akuonabe. Zomwe anapeza zinatuluka m'buku mu 1979, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense wolemba za Chilwa amayambira pamenepo.

Chimodzi mwa zomwe zinamveka bwino chifukwa cha zaka 10 zimenezo ndi ichi: nyanja ikaphwa, nsomba sizitheratu. Matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, n'kudikira. Madzi akabwerera, zotsalazo ndizo zimadzazanso nyanja.

Nyanja itaphwa mu 1995, nzeru imeneyi inagwira ntchito. Nthambi ya zansomba ndi mafumu anagwirizana zoteteza maiwewo, kuletsa kuthiramo katupe ndi kukokamo makoka. Makomiti a asodzi a m'madoko omwe alipo lero pa Chilwa anakula kuchokera pa nthawi yovutayo. Madzi atabwerera, nsomba zinabwereranso.

Kope lomwe linalembedwa mu 1968 linadzadyetsa anthu patapita zaka pafupifupi 30. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa kafukufuku wa zachilengedwe mawuwa si okometsera nkhani, ndi mmene ntchitoyo imayendera.

Mu 1996 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa pangano la Ramsar la madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi zomwe zimasonkhana kuno, zina zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi. Kuchokera 2010, dziko la Norway linathandiza ntchito ina yaikulu m'chigwa cha Chilwa yomwe inayendetsedwa ndi bungwe la Lead la ku Chancellor College, pansi pa Pulofesa Sosten Chiotha, mogwirizana ndi WorldFish komanso nthambi ya kafukufuku wa zankhalango ya Frim. Ophunzira angapo anapezerapo madigiri. Magulu a amayi anaphunzira kuyanika nsomba m'matenti a dzuwa m'malo moziyala pansi.

Ntchitoyo inatha, monga mmene pulojekiti iliyonse imathera.

Nyanja inaphwa pambuyo pake.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya achinyamatawa. Digiri yoyamba, wophunzira wosauka angathe kuimaliza ndi ngongole ya boma. Yachiwiri ndi nkhani ina. Pali fizi, pali lendi, ndipo pamwamba pake pali ndalama za kafukufuku weniweniyo: mafuta a galimoto kapena njinga yamoto, kulipira bwato, kulipira achinyamata othandiza kufunsa mafunso, mankhwala a mu labotale omwe amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja.

Ndi makolo ochepa omwe angakwanitse.

Motero ambiri amadalira thandizo la kunja. Ena amalipeza kudzera ku Ruforum, mgwirizano wa sukulu za ukachenjede za mu Africa womwe likulu lake lili ku Kampala. Ena kudzera m'mapulogalamu a dziko la Norway omwe akhala akuthandiza Bunda kwa zaka zambiri. Mu 2016 World Bank inasankha Luanar kukhala likulu la maphunziro apamwamba a zansomba lotchedwa AquaFish, ndipo kumeneko kwaphunzira achinyamata a kuno ndi a maiko oyandikana nafe.

Thandizoli latulutsa akatswiri enieni. Zimenezo palibe angatsutse.

Koma wopereka ndalama amabweranso ndi funso lake. Chaka chomwe dziko lapansi likukamba za kusintha kwa nyengo, mitu ya kafukufuku imadzaza ndi kusintha kwa nyengo. Likatembenukira ku mpweya wa kaboni, mitu nayo imatembenuka. Wophunzira yemwe mtima wake uli pa achule a m'phiri la Zomba, kapena pa udzu wa m'dambo, amauzidwa mwaulemu kuti funso lake n'labwino koma palibe wolilipira.

Ndipo ndalamazo zimasungunuka zili m'thumba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wophunzira yemwe analemba bajeti yake mu kwacha miyezi ingapo m'mbuyomo anadzuka n'kupeza kuti maulendo omwe anakonza sangathekenso onse.

Zikatere, njira yachidule imadziwika. Kuyeza madzi mwezi ndi mwezi kumadya ndalama. Kufunsa anthu mafunso n'kotchipa. Ndiye mashelefu a m'malaibulale mwathu adzaza ndi mabuku ofotokoza maganizo a anthu pa kutha kwa nkhalango, pomwe mabuku ofotokoza kuti mitengo yatsala ingati, ya mtundu wanji, ikukula msanga bwanji, ndi ochepa.

Sindikunyoza kufunsa anthu. Msodzi yemwe wakhala pa zimbowera zaka 30, m'tinyumba toyandama tija ta pakati pa nyanja, amadziwa za mphepo ndi nsomba zomwe kasikelo ka batire sikangauze munthu. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, akatswiri asanafike ndi malamulo awo, ndipo lero akatswiriwo ndiwo amapita kukaphunzirako.

Koma anthu nawo amatopa.

Pa Kachulu, funso lomwe mlendo wonyamula kope amakumana nalo silisintha: mwabwera ndi chiyani, nanga zomwe anzanu aja analemba zinathera kuti? Anthu akhala pa mphasa ndi ofufuza ambirimbiri. Awerengera alendo nkhuku, ana, maukonde ndi matumba a mpunga. Ena anafika pozindikira mayankho omwe alendo amakonda kumva, ndipo amawapatsa omwewo kuti nkhani ithe msanga, apite kudimba.

Mlendo ndi mame. Wa kafukufuku ndiye amakamuka dzuwa lisanafike paliwombo.

Buku lomwe amalemba limakhala la m'Chingerezi, lokutidwa bwino, dzina lolembedwa ndi zilembo zagolide. Limodzi limapita ku laibulale, lina kwa mphunzitsi, lina kwa amene analipira. Akachita mwayi, nkhaniyo imatuluka m'magazini a sayansi a kunja, omwe ena mwa iwo ngakhale mphunzitsi wa ku Zomba sangawatsegule pa intaneti popanda kulipira madola.

Kwa a gulupu omwe anaitanitsa anthu ndi kupereka mpando, sikubwera ngakhale tsamba limodzi.

Kukakhala kopanda mitambo, munthu ali m'mphepete mwa Chilwa amaona phiri la Mulanje kummwera. Madzi ena omwe mtsikana uja akupondamo anagwa ngati mvula pamwamba pa phirilo, n'kutsika ndi mtsinje wa Phalombe. Kumtunda kumeneko kuli nkhani ina yomwe wophunzira aliyense wa zankhalango amaidziwa, ndipo ndi yowawa.

Mkungudza wa ku Mulanje umamera mwachilengedwe pa phiri lokhalo pa dziko lonse. Matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake amafunidwa kwambiri. Phirilo linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi.

Akatswiri sanagone. Kwa zaka zambiri analemba za macheka olowa usiku, za moto wa chilimwe womwe umapha timitengo tating'ono, za nsabwe za m'mitengo zomwe zinafika m'zaka za m'ma 1980, za paini wobwera yemwe analanda malo. Malipoti analembedwa, misonkhano inachitika.

Mu 2017 anthu anakwera phiri kukawerenga mikungudza ikuluikulu yomwe inatsala.

Anapeza 7.

Palibe anganene kuti mtengowu unatha chifukwa chosadziwa. Unatha aliyense akudziwa, manambala ali pa tebulo. Chomwe chinasowa ndi anthu okwanira olondera, malamulo oluma, ndi njira ina yopezera ndalama kwa mnyamata yemwe amasenza thabwa pamutu kutsika nalo m'matanthwe.

Chodabwitsa n'chakuti pamene mtengo unafika pamapeto m'pamene ntchito ya akatswiri achinyamata inachuluka. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Frim komanso Botanic Gardens Conservation International, linayambitsa manazale m'midzi yozungulira phiri, momwe anthu amafesa mbewu ya mkungudza n'kugulitsa mbande zokabzala pamwamba. Mbande zikwizikwi zakwezedwa kuphiri pamutu.

Kubzala n'kosavuta. Kuti mbande ipulumuke ndiye mutu waukulu.

Kodi imafuna mthunzi wa zomera zina kapena poyera? Dothi liti? Mbali iti ya phiri? Ingatetezedwe bwanji ku moto m'zaka zoyambirira? Awa ndi mafunso a digiri yachiwiri ndi yachitatu, ndipo yankho lake limafuna munthu wokwera phiri chaka ndi chaka kukayeza timitengo tomwetomweto. Mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Yemwe akuyeza mbande lero adzapuma pantchito mtengowo usanafike pocheka.

Ndani amulipire zaka zonsezo?

Funso limeneli ndi lomwe limamudikira mtsikana wa pa Kachulu akadzavula gauni.

Mwa mwambo, mwini ntchito zotere ndi boma: nthambi za zankhalango, zansomba, zanyama zakutchire, zanyengo, zamadzi ndi zachilengedwe, komanso makhonsolo a m'maboma. Kumeneko ndi komwe munthu angakhale zaka 20 pa nyanja imodzi kapena nkhalango imodzi mpaka kuidziwa ngati munda wake. Koma boma sililemba anthu chaka chilichonse, ndipo likalengeza malo ochepa, makalata ofunsira ntchito amabwera m'makatoni. Yemwe walowa amapeza kuti malipiro alipo koma njinga yamoto ilibe mafuta, ndiye nkhalango amaiyang'anira ali pa desiki.

Ambiri amathera ku mabungwe omwe si aboma. Ena ku African Parks, yomwe inayamba kuyendetsa Majete mu 2003, Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, sanali madalaivala ndi madokotala a nyama okha omwe anagwira ntchito. Panafunika owerenga nyama, ojambula mapu, ndi okhala pansi ndi mafumu a midzi yoyandikana ndi mpanda. Ena ali ku Lilongwe Wildlife Trust, ku Wesm, ku Cepa, ku Total LandCare, ku Ripple Africa.

Malipiro a kumeneku nthawi zambiri amaposa a boma. Koma ntchito zambiri ndi za kontrakiti: chaka chimodzi, zaka 2, ukachita mwayi 5. Munthu amafika zaka 35 atagwira mapulojekiti angapo m'maboma angapo, lero mbaula zosawononga nkhuni ku Dedza, mawa njuchi ku Rumphi, mkuja maiwe a nsomba ku Mchinji. Amadziwa kulemba lipoti lokondweretsa wopereka ndalama, amadziwa kuyendetsa msonkhano wa pa hotelo, koma sanakhalitse paliponse mokwanira kuona ngati mitengo yomwe anabzalitsa inakula.

Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa ntchito zambiri za Usaid pa dziko lonse. Kuno kwathu mapulojekiti a zankhalango ndi zansomba anali m'gulu la zokhudzidwa. Anthu omwe anali ndi madigiri awiri anabweza makiyi a galimoto ndi malaputopu, n'kuyambanso kuwerenga masamba a ntchito m'nyuzipepala.

Ena amatuluka. Amapita kukachita PhD ku South Africa, ku Norway, ku Britain, ndipo ena mwa iwo sabwerera. Sindingawaweruze. Ena amalowa uphunzitsi wa kusekondale, ena bizinesi ya nkhuku, ena ku banki. Dziko linawaphunzitsa kuwerenga mitengo, lero akuwerenga ndalama za eni.

Koma makomo atsopano akutseguka, ndipo ndi bwino kuwatchula.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la Mepa, ndipo limafuna kuti ntchito ikuluikulu iliyonse, kaya msewu, damu, fakitale kapena mgodi, iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Kuunika kumeneku kwasanduka ntchito ya akatswiri ambiri odziimira paokha. Ndipo migodi ikubwera: miyala ya mtengo wapatali ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe, lomwe lili m'chigwa chomwechi cha Chilwa. Mgodi uliwonse umafuna woyeza madzi, fumbi ndi nthaka, usanayambe ndiponso ukamayenda.

Ntchito imeneyi ili ndi minga yake. Wolipira katswiri wounika ndi mwini ntchito yemwe akufuna chilolezo. Kulemba kuti malowa sakuyenera, kwa munthu yemwe akusainira cheke chako, kumafuna msana wolimba, ndipo m'kalasi saphunzitsa zimenezo. N'chifukwa chake mbali ya boma iyenera kukhala ndi akatswiri odziwa mofanana, olipidwa bwino, otha kuwerenga lipoti n'kulibweza.

Khomo lina ndi la luso la makono. Mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, mothandizidwa ndi Unicef, yophunzitsa achinyamata kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kuwerenga zithunzi zake. Wophunzira wodziwa kupanga mapu pa kompyuta ndi kuwerenga zithunzi za setilaiti angathe kuona mmene nyanja yabwerera m'mbuyo kapena mmene nkhalango ya Dzalanyama yadyekera, ali pa desiki. Mwa onse omaliza maphunzirowa, odziwa zimenezi ndiwo sakhalitsa pa ulova, chifukwa luso lawo limafunikanso kwa a zaumoyo, a zamalo ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Palinso malonda a mpweya wa kaboni, pomwe makampani akunja amalipira kuti mitengo isadulidwe kapena kuti mabanja aphike ndi mbaula zosadya nkhuni zambiri. Kumeneko kukufunika oyeza mitengo ndi owerengera. Kukufunikanso, mwina koposa, Amalawi omvetsa mapanganowo omwe angauze mfumu zomwe ikusainira.

Wina anganene kuti dziko losauka silingakwanitse kulipira anthu oyeza nsomba ndi mbande pomwe zipatala zilibe mankhwala. Ndi funso lachilungamo.

Koma bilu imabwerabe, kungoti imadzera khomo lina.

Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mapiri akameteka, dothi limatsikira mu Shire, komwe kumachokera magetsi athu ambiri, ndipo makina a ku Nkula amalimbana ndi matope ndi zinyalala chaka ndi chaka. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima kopitirira chaka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anachitanso chimodzimodzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa.

Namondwe sangaletsedwe ndi digiri. Koma kudziwa kuti phiri liti lafooka, mtsinje uti wakwiririka, mudzi uti uli panjira ya madzi, ndi ntchito ya anthu omwewa omwe akuyenda ndi maenvulopu m'matauni kufuna ntchito.

Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Dzinja lililonse akuluakulu amabzala mtengo pamaso pa makamera ndipo timamva mamiliyoni a mbande zomwe zabzalidwa. Chiwerengero cha zomwe zili moyo patatha zaka 3 sitichimva kawirikawiri, chifukwa wobwerera kukawerenga palibe anamulipira.

M'maganizo mwanga, pamenepa ndi pomwe ndalama zochepa zingagule zambiri. Sitikusowa nyumba zina zosanja. Tikusowa malo angapo osankhidwa bwino, Chilwa, Mulanje, Dzalanyama, Chikangawa, dambo la Elephant Marsh, pomwe zinthu zomwezomwezo zingayezedwe mofanana chaka ndi chaka, wophunzira wina akamaliza n'kusiyira mnzake kope, ndipo ndalama zake zikhale mu bajeti ya dziko, osati pa chifundo cha alendo. Anthu a 1966 aja anatero popanda laputopu, popanda foni.

Ndipo sukulu zathu zingachite chinthu chimodzi chosafuna chilolezo cha wina aliyense: wophunzira asavale gauni asanabwerere komwe anafunsa mafunso, kukafotokoza zomwe anapeza m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, pansi pa mtengo womwe uja anakhalapo pobwera, ndi kusiya tsamba limodzi kwa komiti ya pa doko.

Pa Kachulu dzuwa lakwera. Madengu a matemba anyamuka pa njinga, amayi ayala nsomba pa mathandala, ntchentche zayamba ntchito yawo. Mtsikana uja watsuka kathabwa kake m'madzi, wapukuta kasikelo ndi nsonga ya chitenje, wawerenga masamba omwe wadzaza lero.

Bambo wa ukonde uja anamuitana asananyamuke. Sanafune kudziwa za digiri. Anafuna kudziwa ngati m'kopemo muli chosonyeza kuti nyanja idzaphwanso liti, chifukwa akuganiza zogula bwato lina.

Mtsikanayo anawayankha mwaulemu kuti miyezi yomwe wakhala pano siyokwanira kunena zimenezo.

Kenaka anamanga bokosi lake la madzi oundana pa kaliyala wa kabaza, nakwera, ulendo wa ku Zomba. M'bajeti yake mwatsala maulendo 2 obwera kunyanja.